Kalata yotseguka: zithunzi zathu zikugwira ntchito pa intaneti eni ake osadziwa

Olemekezeka a Nduna oona za chikhalidwe ku Capital Hill, akuluakulu a bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso la COSOMA, akonzi a nyumba zofalitsa nkhani, ndi mabwana nonse amene mumavomereza zinthu zisanasindikizidwe m'maofesi a boma, m'mabungwe ndi m'makampani,

Landirani moni wathu, tikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse amene mumagwira nawo ntchito. Amene tikulemba ndife ojambula zithunzi a muno mu Lilongwe: a m'masitudiyo a ku Old Town, ku Kawale ndi ku Area 25, oyenda ndi kamera m'zinkhoswe ndi m'maukwati, okhala kuseri kwa golo ku Bingu National Stadium, ndi olembedwa ganyu pamisonkhano ya ku holo yaikulu ya BICC. Talemba poyera chifukwa vuto lathu likuchitikira poyera, pa Facebook, pa WhatsApp ndi pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu, ndipo ambiri amene akutilakwira sakudziwa n'komwe kuti akulakwa.

Sitikupempha lamulo latsopano. Lamulo lilipo. Copyright Act ya 2016 (lamulo la umwini wa ntchito za luso), imene idalowa m'malo mwa ya 1989, imateteza chithunzi monga imatetezera nyimbo ndi buku. Dziko lathu lidalowa m'pangano la Berne, la mayiko loteteza umwini wa ntchito za luso, mu 1991, ndipo panganoli limanena momveka kuti umwini suyembekeza kalembera, chidindo kapena chizindikiro cha ©. Munthu akangodina batani la kamera, chithunzicho chili ndi mwini wake. Panganolo limanenanso kuti mwini ntchito ali ndi ufulu wotchulidwa dzina, ndi wokana kuti ntchito yake isinthidwe mwa njira yomunyozetsa, ngakhale atagulitsa kale ufulu wopezerapo ndalama. COSOMA yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1992. Dandaulo lathu ndi lakuti lamuloli silikufika pamene chithunzi chimatayikira, ndipo malo ake tikuwadziwa bwino.

Choyamba, onani mmene dzina limachokera pa chithunzi. Wojambula wosamala amalemba dzina lake mu kamera momwemo, pakuti Canon, Nikon ndi Sony onse ali ndi malo olembapo mwini chithunzi. Dzinalo limalowa m'fayilo iliyonse pamodzi ndi tsiku, nthawi ndi mtundu wa kamera, zimene timazitcha EXIF. Akafika pa kompyuta amawonjezera za IPTC: wojambula, mwini wa chithunzicho mwalamulo, ndi mmene dzina liyenera kulembedwera pansi pa chithunzi. Kenako amaika chidindo cha dzina pakona. Ndiye kasitomala amaimba foni, "Achimwene, tangonditumizirani ziwiri zitatu pa WhatsApp ndione." Chithunzi chikatumizidwa ngati chithunzi wamba, WhatsApp imachipanikiza n'kuchotsa zonse zolembedwa mkati muja. Zimatsala pokhapokha chikatumizidwa ngati dokyumenti, koma ndi ochepa amachita zimenezi chifukwa zimadya bandulo. Chikalowa m'gulu la pa WhatsApp la kuntchito kapena la kutchalitchi, wina amachijambula sikirinishoti, wina n'kudula kona ya chidindo ija kuti chikwane pa sitetasi. Pofika kwa wokonza chikwangwani, chithunzi chimakhala chamasiye, iye n'kuikapo logo ya ofesi yake. Zonsezi zimatha kuchitika tsiku limodzi dzuwa lisanalowe.

Pali chimene mabwana ambiri sadziwa, ndipo chikukuonongerani inu nomwe. Kamera ya mamegapikiselo 24 imatulutsa chithunzi cha mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Kuti chithunzi chidzaze tsamba la A4 n'kuoneka bwino pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), pamafunika mapikiselo 3508 ndi 2480. Chotsitsidwa pa Facebook nthawi zambiri sichipitirira 2048, pamene chodutsa pa WhatsApp mwa njira wamba chimakhala cha m'ma 1600, kutanthauza kuti chingasindikizidwe bwino kufika masentimita 13 kapena 14 basi. Mukachikoka kuti chidzaze chikuto cha lipoti la pachaka, nkhope zimasungunuka, maso amasanduka timabokosi, nsalu ya chitenje imaoneka ngati yanyowa. Ofesi imalipira ndalama zambiri kwa osindikiza n'kulandira ntchito yosaoneka bwino, chonsecho fayilo yeniyeni ili mu laputopu ya mnyamata wa ku Biwi amene sanafunsidwe.

Chachiwiri ndi mayankho amene timalandira tikadandaula. Tiwatchula onse chifukwa amabwerezedwa kwambiri, moti anthu ayamba kuwayesa lamulo.

"Tinachipeza pa Google." Google siijambula zithunzi, imangoloza kumene zili. Kuona mbuzi pamsewu sikuipanga kukhala yopanda mwini.

"Mwini wake anachiika yekha pa Facebook." Zoona anachiika, ndipo potero anapatsa kampani ya Meta, eni ake a Facebook, chilolezo chochionetsa pa nsanja zake. Umwini umatsala ndi iye, malamulo a Facebook omwewo amatero. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kudina batani la Share ndi kutsitsa chithunzi n'kuchiposita ngati chanu. Share imanyamula dzina la tsamba la wojambula, ndipo aliyense wofuna ntchito yotere amatsata n'kumupeza. Kutsitsa n'kuposita mwatsopano kumadula chingwe chimenechi. Masamba a nkhani okhala ndi owatsatira ambiri akamatero, amakolola posalima: ndemanga, owerenga ndi otsatsa malonda amapita kwa iwo, wojambula n'kutsala ndi ngongole ya bandulo imene anatumizira chithunzicho.

"Talemba kuti chithunzi ndi cha pa intaneti." Intaneti si dzina la munthu, Facebook si dzina la munthu, "mwa chilolezo cha eni ake" popanda kuwatchula eni akewo sikutchula dzina.

"Takutchulani dzina, ndiye takutsatsirani malonda." Kutchula dzina ndi udindo wina, kupempha chilolezo ndi udindo winanso. Wina sufafaniza unzake. Amene amalankhula chonchi sangauze wosindikiza kapena mwini holo kuti alipidwa ndi kutchulidwa dzina.

Ena ophunzira amatiyankha ndi mawu akuti fair use, kutanthauza mpata wogwiritsa ntchito luso la wina popanda kupempha. Mawu amenewa ndi a lamulo la ku America la 1976, sagwira ntchito m'makhoti a kuno. Lamulo lathu lili ndi mipata yakeyake imene munthu angagwiritse ntchito ya mwini osalipira, monga kusunga kope yongoonera yekha kunyumba, kugwira mawu kapena mbali ya ntchito pofotokoza ndi pounika, kuphunzitsa m'kalasi, ndi zina za malaibulale ndi kufalitsa nkhani. Mipatayi ife sitikuitsutsa, mwana wasukulu ndi mphunzitsi tikufuna azigwiritsa ntchito zithunzi za dziko lawo. Koma ili ndi malire, ndipo pogwiritsa ntchito luso la wina poyera pamafunika kutchula gwero ndi mwini wake. Kalendala ya kampani, chikwangwani cha kampeni, bulosha yopemphera ndalama kwa othandiza, malonda a malo ogona alendo, malaya osindikizidwa nkhope ya wosewera mpira, zonsezi si kalasi ndipo si nkhani.

Chachitatu ndi nkhani ya ntchito yolipidwa, ndipo pano m'pamene pamabuka mikangano yambiri. Bungwe limaitana wojambula kuti akajambule msonkhano wa tsiku limodzi, mtengo n'kugwirizana pa foni, popanda pepala. Mwini bungwe amamva kuti wagula zithunzizo ndi zonse zomwe. Wojambula amamva kuti wagulitsa tsiku lake ndi chilolezo choika zithunzi mu lipoti la msonkhanowo. Pakapita zaka ziwiri chithunzi chija chimapezeka pa chikwangwani chachikulu panjira ya ku eyapoti, chaperekedwanso kwa mabungwe anzawo a kunja, chili pa webusaiti zitatu. Aliyense amaona kuti mnzake ndiye wamulakwira, ndipo pepala loti liweruze palibe. Chilolezo chabwino sichifuna masamba khumi. Chimayankha mafunso asanu ndi limodzi: zithunzi ziti, ndi manambala a mafayilo ake, zigwira ntchito pati, kaya pa intaneti pokha, m'buku kapena pa chikwangwani, kwa nthawi yaitali bwanji, m'dziko muno mokha kapena ndi kunja komwe, kodi wogula yekha ndiye azigwiritse ntchito kapena wojambula angazigulitsenso kwina, ndipo kodi wogula angazipereke kwa wina. Pansi pake palembedwe mmene dzina lizionekera, ndiponso ngati n'kololedwa kudula, kusintha mtundu kapena kulemba mawu pa chithunzicho. Wofuna kugula umwini wonse angathe, koma chimenecho ndi chinthu china, cha mtengo wina, ndipo chiyenera kulembedwa n'kusainidwa.

Mtengowo musauyese wa kudina batani. Ukwati umene wojambula amaima kuyambira m'mawa kokonzera mkwatibwi mpaka perekaniperekani atatha umabala mafayilo mazanamazana, ndipo kusankha ndi kukonza kumatenga masiku angapo kuposa tsiku lojambulalo. Kamera, mandala, fulashi, mabatire, memori kadi ndi hadi diraivi zonse n'zochokera kunja, zogula ndi ndalama yakunja, ndipo kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake idakwera nayo. Shata ya kamera (kachitseko kotseguka pojambula) ili ndi moyo wowerengeka, ikatha imafuna kusintha. Chithunzi chimodzi chogulitsidwa kawiri kapena katatu kwa anthu osiyana ndicho chimagula mandala ena. Chikafalikira chaulere, msika wake watha, palibe angagule chimene aliyense ali nacho kale mu foni.

Chachinayi chimatiwawa kuposa ndalama. M'zithunzi zathu muli anthu. Mkwatibwi amene anavomera kujambulidwa pa tsiku lake akadzipeza pa malonda a mafuta odzola kapena a kampani yokongoza ndalama, safunsa amene wakonza malondawo. Amabwera ku situdiyo ndi ankhoswe ake kudzafunsa kuti tinamugulitsa zingati. Mayi wa kumudzi amene analola kujambulidwa ali ndi mwana pa sikelo, atauzidwa kuti chithunzi chikhala mu lipoti limodzi, akadzamva kuti nkhope ya mwana wake ili pa chikwangwani cha matenda amene mwanayo alibe, amadziwa dzina limodzi lokha, la amene anagwira kamera. Zithunzi za pamaliro zimatengedwa n'kuikidwa pa nkhani ya maliro ena, anamfedwa n'kumalira kachiwiri. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo wojambula wodziwa ntchito amapempha chilolezo kwa wojambulidwa, kapena kwa kholo ngati ndi mwana, n'kusunga pepalalo. Pepala limenelo limanena ntchito imene munthuyo wavomera. Wotenga chithunzi mwakuba sadziwa malire amenewa, ndipo akawadutsa manyazi amagwera ife.

Chachisanu, njira yodandaulira ndi yaitali kwa munthu wa kamera imodzi. Amayamba ndi kusaka kumene chithunzi chafika pogwiritsa ntchito Google Lens kapena TinEye, zimene siziona za m'magulu a WhatsApp. Akachipeza ayenera kujambula sikirinishoti yoonetsa dzina la tsamba, tsiku ndi linki asanalankhule ndi wina aliyense, chifukwa wolakwa akangomva amafufuta positi umboni n'kutha. Ayenera kusunga fayilo yoyambirira yochokera mu kamera, yotchedwa RAW, kaya ndi CR2 kapena CR3 ya Canon, NEF ya Nikon kapena ARW ya Sony, pamodzi ndi zithunzi zoyandikana nayo zimene anajambula mphindi yomweyo, pakuti umenewu ndiwo umboni umene wotsitsa pa intaneti sangakhale nawo. Kenako amalemba kalata yopempha kuti chithunzi chichotsedwe kapena chilipidwe. Ikapanda kuyankhidwa, pamatsala fomu ya Meta kapena ya kampani yosunga webusaitiyo, yotsatira lamulo la ku America la DMCA la 1998: kutchula ntchito yako, kuloza pamene yaikidwa, kupereka dzina ndi adiresi, kulumbira kuti zimene ukunena n'zoona, n'kusaina. Fomuyi si ya m'Chichewa, dzina la wodandaula limaperekedwa kwa amene akudandauliridwayo, ndipo zikayenda bwino positi imangochotsedwa. Ndalama siibwera, ndipo chikwangwani cha pamsewu ndi makalendala ogawidwa kale fomuyo siiwakhudza. Kukhoti njira ilipo, koma ndalama ya loya imaposa mtengo wa chithunzi chimodzi kangapo, ndiye ambiri amangoti zatha. Wolakwa uja akaona kuti palibe chachitika, mawa amabwereza.

Tinenenso za zithunzi zaulere, chifukwa zilipo, ndipo ofesi imene ilibe ndalama siyenera kuba. Ojambula ena amasankha okha kupereka ntchito zawo pansi pa ziphaso za Creative Commons. Koma zilembo zake ziwerengedwe: BY ikufuna dzina litchulidwe, NC ikuletsa kupangira malonda, ND ikuletsa kufalitsa chithunzi chosinthidwa, SA ikufuna chotulukapo chiperekedwe pa chiphaso chomwecho, ndipo CC0 yokha ndiyo imasiya zonse. Zithunzi za pa Wikimedia Commons zimaloledwa ngakhale pa malonda, koma zambiri mwa izo zimafuna dzina la wojambula ndi dzina la chiphaso, ndipo wosalemba zimenezi waphwanya chiphasocho.

Chifukwa cha zonsezi, tikupempha izi mwaulemu:

1. A Nduna, patuluke kalata ya malangizo yopita ku maunduna, nthambi za boma, makhonsolo ndi makampani a boma, yonena kuti chithunzi chilichonse chotuluka pa tsamba la ofesi, mu lipoti kapena pa chikwangwani chikhale ndi chimodzi mwa zitatu: dzina la wojambula wa ofesiyo, chilolezo cholembedwa cha mwini wake, kapena dzina la chiphaso chaulere. Boma likayamba, mabungwe ndi makampani sadzakhala ndi pothawira.

2. Ogula katundu ndi ntchito m'maofesi asamalipire invoisi ya wokonza kapena wosindikiza chikwangwani, kalendala kapena bulosha popanda mndandanda wa zithunzi zimene zagwiritsidwa ntchito ndi chilolezo cha chilichonse. Ndi pepala limodzi lowonjezera pa mapepala amene mumafuna kale, ndipo likutetezani inu tsiku limene mwini chithunzi kapena wojambulidwa adzabwere ndi loya. Pa bajeti ya ntchito iliyonse yofalitsa uthenga pakhale mzere wa zithunzi, monga pamakhalira mzere wa holo ndi wa mafuta a galimoto.

3. A COSOMA, pamodzi ndi bungwe la ojambula la PHOTAMA, mutikonzere mapepala a mgwirizano achitsanzo m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi: la ukwati ndi zochitika za pabanja, la ntchito ya ofesi kapena bungwe, la kugulitsa chithunzi chimodzi, ndi la chilolezo cha wojambulidwa. Lililonse likhale la tsamba limodzi, lotheka kutsitsa pa foni n'kusaina pomwepo. Mufotokozemo m'chilankhulo chosavuta zimene lamulo la 2016 limanena pa chithunzi cha wolembedwa ntchito ndi cha wolembedwa ganyu.

4. Pakhale desiki yodziwika yolandira madandaulo a zithunzi, yokhala ndi nambala ya foni ndi masiku otchulidwa oyankhira. Ntchito yake ikhale kuona umboni, kulembera wodandauliridwa kalata ya bungwe, ndi kukhazika pansi mbali ziwirizo nkhani isanafike kukhoti. Kalata ya mnyamata wa pa situdiyo imaikidwa mu dirowa, ya bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo imayankhidwa.

5. Pa ndalama zimene zimatoleredwa pa zipangizo zosungira ndi kukopera ntchito za luso, ndiponso pa ziphaso za kufotokopa, muzifalitsa chaka chilichonse mmene gawo la zithunzi limawerengedwera ndi zimene wojambula ayenera kuchita kuti alowe m'kaundula. M'zipangizo zimenezi simukhala nyimbo zokha. Kulembetsa kufike ku maboma, kusamathere m'mizinda.

6. Pafalitsidwe mitengo yolozera, yokambirana ndi ojambula ndi ogula, yosiyanitsa chithunzi cha pa intaneti, cha m'nyuzipepala, cha pa chikuto ndi cha pa chikwangwani, komanso yonena zowonjezera zimene wogwiritsa ntchito popanda chilolezo ayenera kulipira. Ngati wogwidwa amangolipira mtengo umene akanalipira atapempha, palibe chifukwa choti apemphere.

7. Akonzi a nyuzipepala, wailesi, kanema ndi masamba a nkhani, pamodzi ndi Media Council of Malawi ndi MISA Malawi, muletse m'nyumba zanu kulemba "pa intaneti" kapena "Facebook" m'malo mwa dzina. Ngati nkhani ndi yachangu, uthenga umodzi kwa mwini chithunzi umatenga mphindi zochepa, ndipo ambiri a ife timavomera msanga tikafunsidwa. Mukalakwitsa, konzani pa positi yomweyo, osati m'ndemanga za pansi zimene palibe amaziona. Chidindo cha wojambula chisamadulidwe kapena kuphimbidwa ndi logo.

8. Uthenga ufike kwa anthu m'chilankhulo chawo, pa wailesi za m'madera ndi m'makoleji ophunzitsa utolankhani ndi kukonza zosindikiza. Pa nthawi ya matepi ndi ma CD, anthu adaphunzira kuyang'ana kachidindo konyezimira ka COSOMA asanagule. Angaphunzirenso kusiyanitsa Share ndi kutsitsa.

Nafenso tili ndi mbali yathu, ndipo tikuivomera pamaso pa onse owerenga. Tizilemba dzina mu kamera ndi m'mafayilo, tizisunga RAW m'malo awiri osiyana, tizipereka koteshoni ndi risiti zonena ntchito imene chithunzi chaloledwa kugwira, tizitumiza ntchito yomaliza ngati dokyumenti, ndipo tisamaposite nkhope ya kasitomala kapena ya mwana popanda kupempha. Amene mwa ife amaika nyimbo za oimba pa mavidiyo a ukwati popanda chilolezo, kapena kutenga chithunzi cha mnzake n'kutsatsira situdiyo yake, tikuwauza kuti aleke, pakuti lamulo limene tikulirira ndi lomwelo limateteza oimbawo.

Pempho la nambala 1, la nambala 2 ndi la nambala 7 silifuna ndalama kapena kudikira Nyumba ya Malamulo, likhoza kuyamba ndi siginecha imodzi. Pa enawo tikupempha tsiku lokumana nanu muno mu Lilongwe, ndipo tidzabwera ndi mafayilo oyambirira pamodzi ndi makope ake odulidwa mayina, kuti muwaone ali pambalipambali. Yankho lanu tikupempha lidzaperekedwe poyera, monga kalatayi yaperekedwera.

Ndife anu mwaulemu,

Ojambula zithunzi a mu Lilongwe